Tiwaombere M'manja a Der, a Die ndi a Das

Anthu akamatama dziko la Germany amayamba ndi magalimoto. Kenako amatchula Bayern München, misewu ya Autobahn imene m'zigawo zina galimoto imathamanga mmene mwini wake akufunira, mowa wa ku Oktoberfest, ndipo wina amene sukulu inamulowerera amaponyapo dzina la Beethoven. Palibe amakumbukira akuluakulu atatu amene amagwira ntchito usana ndi usiku, osalandira ngakhale yuro imodzi, osapita kutchuthi, osanyanyalanso ntchito monga amachitira oyendetsa sitima a kumeneko. Ndikunena a Der, a Die ndi a Das. Malipiro awo ndi kutukwanidwa basi. Madzulo alionse, m'makalasi a anthu obwera ku Berlin, Hamburg ndi Köln, amatukwanidwa m'ziyankhulo zonse za pansi pano. Lero ndaima ine kuti ndiwayankhulire.

Kwa amene simunakumane nawo, nkhani yake ili motere. M'Chijeremani dzina lililonse, kaya ndi la munthu, la nyama, la chiwiya, kapena la chinthu chosagwirika monga chikondi ndi ngongole, lili ndi mtundu wake. Lachimuna amaliperekeza ndi a Der, lachikazi a Die, ndipo la gulu lachitatu, lomwe silili kuchimuna kapena kuchikazi, amaliperekeza ndi a Das.

Chimene ndimawagomera nacho n'chakuti sayang'ana nkhope. Tsegulani kabati ya kukhitchini. Supuni ndi yaimuna, der Löffel. Foloko ndi yaikazi, die Gabel. Mpeni uli m'gulu lachitatu, das Messer. Zonse zitatu n'zachitsulo chimodzi, zinagulidwa tsiku limodzi, zimatsukidwa m'madzi amodzi, koma chilichonse chili ndi ulemu wakewake. Siketi ndi yaimuna, der Rock, pamene buluku ndi tayi n'zachikazi, die Hose ndi die Krawatte. Timu ya mpira ya Germany ija inachititsa manyazi Brazil 7-1 mu 2014, anyamata okhaokha a ndevu zawo, ndi die Mannschaft, yaikazi, ngakhale liwu lakuti Mann, mwamuna, lili poyera m'dzinamo. Dzuwa ndi lalikazi ndipo mwezi ndi waumuna, koma mukangowoloka mtsinje wa Rhein kulowa ku France ziwirizi zasinthana. Boma liti linagawapo maudindo mosakondera chonchi? A mtanthauziramawu wa Duden anawerengera kuti mwa maina 100 alionse, pafupifupi 46 ndi achikazi, 34 achimuna, 20 a gulu lachitatu. Ndiye kuti ngakhale wochenjera amene waganiza zongoti die paliponse amalakwa koposa theka la zonena zake. Akuluakuluwa anatseka kale mpata umenewo.

Adani ali nawo, sindikana. Wotchuka ndi Mark Twain wa ku America, amene atakhalako ku Heidelberg mu 1878 anakawaneneza kudziko lonse m'nkhani yake ya mu 1880 yodandaula za Chijeremani. Chinamuwawa kwambiri n'chakuti mtsikana, das Mädchen, ali m'gulu lachitatu limodzi ndi mpeni, pamene die Rübe, mbale wake wa tanaposi, anapatsidwa ukazi wonse. Chaka chomwecho mphunzitsi wamkulu wina, Konrad Duden, anatulutsa mtanthauziramawu wake ku Leipzig, ndipo mtsikana uja sanamusunthe pamalo pake pofuna kusangalatsa mlendo. Mlandu wa Twain unali wosamveka. Dzina lililonse lothera ndi -chen, kamchira kochepetsera chinthu, limapita kwa a Das, kaya m'kati mwake muli mtsikana, banzi kapena kalulu. Ife oyankhula Chichewa sitingagwire pakamwa ndi zimenezi. Tikati kamtsikana sitinenanso kuti wabwera. Timati kabwera, kakuseka, n'kathu. Ka- ameneyu wamuchotsa mwana wa eni ake m'gulu la anthu n'kumuika pamodzi ndi kambuzi ndi kampeni, ndipo palibe kholo linakasuma kwa amfumu. Mfumuyo timati mfumu yathu yadwala, monga momwe timanenera kuti mbuzi yathu yadwala, ndipo mudzi umakhala bata.

Komanso pali kangongole kakale pakati pa ife ndi Ajeremani. Mu 1853, ku Kisuludini pafupi ndi Mombasa, mmishonale wa Chijeremani Johannes Rebmann anakumana ndi Salimini, munthu amene anagwidwa ukapolo kuchokera kuchigawo chapakati cha dziko lomwe lero ndi Malawi. Anayamba kulemba mawu a chiyankhulo cha Salimini limodzilimodzi, ndipo mtanthauziramawu wa chiyankhulo chomwe iye anachitcha Kiniassa unasindikizidwa mu 1877, iye atamwalira kale. Taganizani thukuta limene mkuluyu anakhetsa kuti amvetse chifukwa chake timati galu wanga koma mbuzi yanga, tsiku langa koma chaka changa. Ajeremani enanso awiri, Wilhelm Bleek ndi Carl Meinhof, ndi amene anapatsa manambala magulu a maina a ziyankhulo zathu, manambala omwe akatswiri akugwiritsabe ntchito mpaka lero, kufika pa 18 m'Chichewa. Tinawazunza ndi magulu ochuluka chotero. Iwo akutibwezera atatu okha, ndiye ife n'kumalira?

Kusiyana kwake n'kwakuti maina athu ambiri ndi odzionetsera. Chitseko chalengeza kale gulu lake ndi chi- wakeyo, kamwana kalengeza ndi ka-. Maina a Chijeremani ndi odzichepetsa. Tisch, tebulo, sakuuza kanthu. Wand, khoma, chete. Fenster, zenera, ziii. Uyenera kuwafunsa mmodzimmodzi, n'kuloweza dzina pamodzi ndi womuperekeza wake. Aphunzitsi amalangiza zimenezi tsiku loyamba, ophunzira onse amagwedeza mitu kuvomera, ndipo amadzayamba kuzitsata patatha miyezi, atapsa kale.

Musaganize kuti akuluakuluwa alibe chifundo. Anasiyako timalamulo tina toti mlendo agwirepo. Maina othera ndi -ung, -heit, -keit ndi -schaft ndi a mayi Die. Masiku a sabata, miyezi ndi nyengo za chaka ndi za bambo Der. Dzina lolumikiza mawu angapo limatenga mtundu wa liwu lomalizira, moti lamulo lina la m'chigawo cha Mecklenburg-Vorpommern lokhudza zolemba pa nyama ya ng'ombe, lomwe dzina lake linali ndi zilembo 63 mpaka linathetsedwa mu 2013, linali la a Das chabe chifukwa linkathera ndi Gesetz. Koma podziwa kuti munthu akakhuta malamulo amayamba matama, anaikamo minga pang'ono. Maina ambiri othera ndi -e ndi achikazi, mpaka tsiku limene udzakumane ndi der Käse, tchizi, ndi das Auge, diso. Zakumwa zoledzeretsa ndi zachimuna, der Wein, der Schnaps, der Whisky, kupatula chimodzi chokha chimene Ajeremani amamwa koposa zonse, das Bier. Galimoto ya BMW ndi der BMW, njinga yamoto ya kampani yomweyo ndi die BMW. Ndipo pali maina ena amene mtundu ndiwo umagwira tanthauzo lonse. Der See ndi nyanja ya pakati pa mtunda, n'chifukwa chake yathu ija amaitcha der Malawisee, pamene die See ndi nyanja yamchere. Der Leiter ndi bwana wotsogolera, die Leiter ndi makwerero. Das Steuer ndi chiwongolero, die Steuer ndi msonkho. Amene amati tizilembo titatuti n'topanda ntchito ayesere kuuza bwana wake kuti ndi makwerero.

Mpaka apa tangoona akuluakuluwa ali chiimire. Luso lawo lenileni limaoneka akayamba kuyenda m'chiganizo. Dzina m'Chijeremani lili ndi maudindo anayi. Likakhala mwininkhani, wochita, amati Nominativ. Likakhala pamtherankhani, wochitidwa, amati Akkusativ. Likakhala wolandira kapena wochitiridwa, Dativ. Likakhala mwini wa chinthu, Genitiv. Udindo ukasintha, woperekezanso amasintha zovala: der Hund, den Hund, dem Hund, des Hundes, galu yemweyo. Mitundu itatu, kuwonjezapo unyinji, kuchulukitsa ndi maudindo anayi, zikutipatsa mipando 16. Mtundu wina wa anthu wowononga chuma ukadasoketsa zovala 16. Ajeremani anasoka zisanu ndi chimodzi zokha: der, die, das, den, dem, des. Zili ngati jekete limodzi lija la pabanja limene limaoneka paukwati wa mkulu, pachinkhoswe cha mng'ono, kukhoti ndi kumaliro, ndipo woona chithunzi ayenera kudziwa yekha kuti m'jeketemo munali ndani tsiku limenelo. Der mumupeza pa mwamuna wochita, mumupezanso pa mkazi wolandira, pa mkazi mwini chinthu, ndi pa anthu ambiri eni chinthu. Wophunzira wangomaliza kuloweza kuti mayi ndi die Frau, mawa lake akuwerenga kuti Ich gebe der Frau das Buch, ndikupatsa mayiyo buku. Amapukuta m'maso, amayang'ananso. Mayi aja avala jekete la abambo, ndipo mphunzitsi akuti palibe cholakwika.

Phindu lake lilipo, ndipo ndi lenileni. Chifukwa cha zovalazi, mawu angathe kusinthana malo popanda chisokonezo. Der Hund beißt den Mann ndi Den Mann beißt der Hund zonse zikunena kuti galu ndiye akuluma, ngakhale mwamunayo atatsogola. Koma chitetezo chimenechi ndi cha amuna okha. Die ndi das sasintha pakati pa wochita ndi wochitidwa, moti chiganizo chakuti Die Katze beißt die Frau sichikulumbira kuti woluma ndi mphaka. Womvera aganize yekha malinga ndi mmene akuwadziwira mayiwo.

Ndiye pali aperekezi asanu ndi anayi, monga in, auf, unter ndi zwischen, amene amatumikira mabwana awiri. Chinthu chikamapita pamalo, Akkusativ. Chikakhala kuti chili pamalopo, Dativ. Lowani m'kalasi iliyonse ya oyamba kumene mudzaone sewero lake. Mphunzitsi wanyamula buku m'mwamba, akulitsitsa pang'onopang'ono: auf den Tisch. Buku lagunda tebulo, wachotsa dzanja, watambasula zikhatho: auf dem Tisch. Kusiyana konse kuli pa n ndi m, milomo yotsegula ndi milomo yotseka. M'mipandomo mwakhala dokotala wa mano wochokera ku Syria, injiniya wa ku Ukraine, namwino wa ku Philippines, anthu a mabanja awo, onse maso ali pa milomo ya mphunzitsi, akutsegula ndi kutseka yawo mwakachetechete. Buku likwezedwanso. Palibe mlaliki amene anatsitsapo mitima ya anthu ophunzira msanga chotere.

Za afotokozi ndingodutsapo, chifukwa ulemerero wake ungatichedwetse. Vinyo wabwino ndi der gute Wein, komanso ein guter Wein, komanso mit gutem Wein, komanso den guten Wein. Mipando 16 ija imabwera katatu, yonse pamodzi 48, ndipo munthu ayenera kusankha umodzi asanameze malovu.

Chimene chimandisangalatsa koposa ndi kagulu kena ka maina achimuna kamene kamalandira -n kapena -en paliponse kupatula pamene dzinalo ndi mwininkhani mmodzi. Akatswiri a galamala, potsata mawu amene anayambitsa Jacob Grimm, mkulu wa abale awiri aja otolera nthano, amati maina amenewa ndi ofooka. Tamverani amene ali m'gulu la ofookali: der Löwe, mkango. Der Held, ngwazi. Der Soldat, msilikali. Der Herr, bwana. Der Präsident. M'maiko ambiri munthu akhoza kugona m'chitolokosi chifukwa chonena kuti pulezidenti ndi wofooka. Ku Germany zalembedwa m'buku la sukulu, ndipo mwana amalandira malikisi akayankha choncho. Tchizi, supuni ndi tebulo zili m'gulu la amphamvu.

Pa unyinji akuluakuluwa amakhala ngati akupumitsa munthu, chifukwa mitundu yonse itatu imasonkhana kwa a Die. Koma dzinalo ndiye limayamba kuvina. Lina lilandira -e, lina -er, lina -en, lina -s, lina timadontho tiwiri pamwamba pa chilembo, lina silisintha n'komwe: Apfel akhala Äpfel, Haus akhala Häuser, Auto akhala Autos, Messer akhalabe Messer. Ngakhale zili choncho, alendo ambiri anatulukira kuti unyinji ndi pothawira. Muone mlendo pamzere m'sitolo ya buledi m'mawa. Akufuna banzi limodzi, ein Brötchen, kapena eine Brezel, kapena einen Kuchen, koma sakukumbuka kuti kamchira kati n'ka chiti. Kumbuyo kwake kuli anthu othamangira sitima, wina wayamba kale kuyang'ana wotchi. Mayi wogulitsa wanyamula chopanira, akudikira. Mlendo akuloza pagalasi, akutsegula pakamwa, akutseka, kenako ndi mawu amphamvu akuti zwei, ziwiri. Liwu limeneli silifunsa mtundu wa chinthu. Watuluka ndi mabanzi awiri pamene njala yake inali ya limodzi, ndipo mayi aja agulitsa kawiri. Ndani anganene kuti a Der, a Die ndi a Das sathandiza chuma cha dziko?

Ndipo si ophika buledi okha amene amadyerapo. Bungwe la Goethe-Institut, lomwe linakhazikitsidwa mu 1951, lili ndi nthambi m'maiko ambirimbiri, ndipo aphunzitsi ake akadakhala pa ulova theka la chaka akuluakuluwa akadapanda kukhalapo. Kuyambira mu 2005 boma la Germany limayendetsa maphunziro a anthu obwera, momwe maola 600 ndi a chiyankhulo chokha. Kuyambira mu 2007, ambiri ofuna kutsatira mwamuna kapena mkazi wawo kumeneko amayenera kukhoza kaye mayeso a A1, moti a Der amalowerera ngakhale nkhani za banja asanaitanidwe ngati ankhoswe. Wofuna unzika akhoze B1, namwino kawirikawiri B2. Ogulitsa timapepala tomata nawonso sadandaula. Kalowe m'chipinda cha wophunzira wakhama, upeza nyumba yonse yamatidwa: kabuluu pa firiji, kofiira pa chitseko, kobiriwira pa zenera, mpaka kena kamene kananyowa n'kupindika pa galasi la kubafa. Mlendo wosadziwa angaganize kuti katundu yense walandidwa chifukwa cha ngongole.

Koma ntchito yawo yaikulu, imene boma silinawathokozepo, ndi ya ulonda. Kuyambira mu 2024 munthu angathe kulandira pasipoti ya Germany atakhalako zaka zisanu, osati zisanu ndi zitatu monga kale. Nyumba ya malamulo inafewetsa. A Der sanafewetse. Munthu akhoza kukhalako zaka 30, kukhala pulofesa, kulipira msonkho osaphonya, kusiyanitsa zinyalala m'mabini ake onse, koma tsiku lina atatopa adzati der pamene pafunika das, ndipo onse pa tebulo adziwa kuti sanabadwire kumeneko. Samudzudzula, amamva bwinobwino zimene wanena. Kungoti chikope cha wina chimagwedezeka pang'ono. Alonda amenewa salandira ya fanta, sadziwa mwana wa nduna, sagona pa ntchito. Ndipo ali ndi akazitape m'nyumba iliyonse: kamwana ka zaka zinayi, kosatha kumanga zingwe za nsapato, kamakonza bambo ake omwe ali ndi madigiri awiri, kosadziwa n'komwe kuti pali chinthu chotchedwa Dativ.

Ndimamvera chisoni ziyankhulo zimene zinataya chuma chotere. Chingerezi chakale chinali ndi mitundu itatu yomweyi ndi maudindo ake, koma m'zaka mazana angapo zotsatira kubwera kwa ma Viking ndi kwa ma Norman a mu 1066, zonse zinasungunuka n'kutsala the mmodzi wogwira ntchito za anthu onse. Chidatchi chinatsala ndi awiri, de ndi het. Chiafrikaans, chimene abale athu a ku Joni amachimva tsiku ndi tsiku, chinangosunga die yekha basi. Zotsatira zake tonse tikuziona: aliyense akungolowa m'Chingerezi mmene wafunira, osagogoda, osavula nsapato.

Ajeremani anayesapo kukonza chiyankhulo chawo. Mu 1996 anasintha kalembedwe, daß anakhala dass, Schifffahrt analandira ma f atatu. Dziko linagawikana, nkhani inakafika kukhoti lalikulu la malamulo ku Karlsruhe mu 1998, ndipo chaka chomwecho anthu a ku Schleswig-Holstein anavota kukana kusinthako. Phokoso lonselo linali la zilembo ndi mipumiro. Palibe komiti inalimba mtima kukhudza akuluakulu athu atatuwa. Zoona, ukalamba ukuwapeza pena ndi pena. Ka -e ka Dativ kamene kakuonekabe pa mawu akuti Volke pakhoma la nyumba ya malamulo ya Reichstag ku Berlin, omwe anakhomedwa mu 1916, lero katsala m'mawu ochepa monga zu Hause. Genitiv nayenso akudwala: m'misewu anthu amati wegen dem Wetter pamene buku likufuna wegen des Wetters, ndipo mlembi Bastian Sick anagulitsa mabuku ochuluka zedi kuyambira mu 2004 polengeza kuti Dativ ndiye akupha mnzakeyo. Koma wodwalayo akusainabe makalata onse a boma, ndipo pa mayeso amafika nthawi yabwino.

Wina angati zonsezi ndi nkhanza kwa alendo. Ayi, eni ake nawonso salekereredwa. Batala m'mabuku ndi die Butter, koma kumidzi ya ku Bayern agogo amati der Butter ndipo sapepesa. Yogati ena amati der, ena das. Uthenga wa pa intaneti ku Germany ndi die E-Mail, ku Austria ndi ku Switzerland ambiri amati das E-Mail. Ndipo pali mlandu wa Nutella, chokoleti chopaka pa buledi chija, umene wakhala ukugawanitsa mabanja pa chakudya cha m'mawa kwa zaka zambiri. Mayi akuti die, bambo akuti das, mlamu wochokera kuchigawo china akuti der, aliyense akulumbira kuti kwawo amatero chibadwire. Anthu anafika pofunsa kampani yopanga, poganiza kuti mwini mwana ndiye adziwa. Kampaniyo inayankha kuti dzinalo n'longopeka, aliyense aikepo chimene akufuna. Inathawa mlandu, ndipo mpaka lero a Der, a Die ndi a Das akupisa supuni m'botolo limodzi.